Nyemba Zitatu pa Msilikali Aliyense: Malamulo Athu a Risk ku Bwacha

Malaiti akapita pa Ciweru madzulo, timakumana anthu anayi pakhonde la mnzanga ku Bwacha n'kuyala bolodi ya Risk. Ndinaigula pa salaula, tuasilikali twina tutasowa kale. Kwa inu amene simunaionepo, awa ndi masewera a nkhondo amene Albert Lamorisse wa ku France anatulutsa mu 1957. Pabolodi pali mapu a dziko lonse ogawidwa m'zigawo 42, ndipo Africa yense ali ndi zigawo 6 cabe. Ukaponya madayisi, asilikali ako amalumpha kucoka ku South Africa kulowa ku East Africa nthawi yomweyo. Sadya, sadwala, satopa.

Cinayamba kundivuta pamene ndinali kukonza pulogalamu ya pa wailesi yokumbukira nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ambuya anga a ku Chipata anali kusimba kuti atate awo anatengedwa kukhala mtengatenga, ndipo anabwerako ali oonda, khosi losatembenuka bwino mpaka imfa yawo. Ndinayang'ana bolodi yathu, munthu ngati iwo sindinamupezepo. Ndiye tinagwirizana kuonjezera malamulo athuathu.

Loyamba ndi la nyemba. Msilikali aliyense, kuti asunthe cigawo cimodzi, afunika nyemba zitatu, ndipo akafika, nyemba imodzi imaponyedwa m'kapu osabweranso. Nyembazo ndiwo amtengatenga. Njanji inafika kuno ku Broken Hill mu 1906, koma nkhondo inali kumalire a kumpoto, ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, ulendo wa makilomita pafupifupi 900. Kumeneko sitima sinali kufikako. Ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinali kuyenda pamutu pa anthu, zina pa mabwato kudzera mu Luapula ndi madambo a Bangweulu. Mtengatenga anali kusenza makilogalamu pafupifupi 27, kuyenda makilomita ngati 24 pa tsiku, ndi kudya ufa wokwana kilo imodzi. Werengani nokha: ulendo wa masiku oposa 35, mtolo wa masiku 27. Munthu wosenza ufa yekhayekha akanaudya wonse asanafike. N'cifukwa cake panafunika anthu osenzera cakudya osenza anzawo. Pa nkhondo yonse ya ku East Africa, a Britain analemba amtengatenga pafupifupi 1 miliyoni, ndipo amene analembedwa kuti anamwalira ndi pafupifupi 95,000, ambiri ndi matenda ndi njala, osati mfuti.

Laciwiri ndi la munda. Nyemba sizicokera kumwamba. Umazitapa m'cigawo cako. Ukatapa zoposa theka, ulendo wotsatira cigawoco sicikupatsa msilikali watsopano, cifukwa kulibe wolima. Ukatapanso, mnzako amene ali kumanzere kwako amaponya dayisi m'malo mwa anthu a m'midzi, ndipo ikagwa 6, aukira. Izi sitinapeke. Mu January 1915 John Chilembwe anaukira boma ku Nyasaland, atadandaula kale poyera kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Mu 1917 anthu a ku Barue ku Mozambique anaukira Apwitikizi cifukwa ca nchito yokakamiza. Kwathu kuno, pansi pa British South Africa Company, amesenjala a boma anali kufika kwa mafumu ndi ciwerengero ca amuna ofunika, ndipo minda inatsala ndi azimai ndi nkhalamba.

Lacitatu ndi la mvula ndi nchenche. Ulendo wacinayi uliwonse ndi dzinja: palibe amene aloledwa kuukira pakati pa Africa, koma nyemba imodzi imapitabe m'kapu, pakuti anthu amadya ngakhale atakhala pansi. Ndiponso kamsilikali ka pa kavalo kakalowa ku East Africa timakacotsa n'kuikapo asilikali awiri oyenda pansi. Nchenche ya tsetse inapha akavalo, abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo zambirimbiri, ndipo mtolo umene nyama inasiya unagwera pamutu pa munthu.

Lacinai ndilo limatikanganitsa kwambiri. Tisanayambe, mwana wa mwini nyumba amalemba mobisa nambala ya ulendo umene nkhondo idzathera, koma amatiuza patapita maulendo atatu. Zigawo zonse zimene walanda m'maulendo atatuwo umabweza. Nyemba zimene wataya sizibwera. Ndi mmene zinacitikira. Pa 11 November 1918 mfuti zinaleka kulira ku Ulaya, koma gulu la Paul von Lettow-Vorbeck wa ku Germany linali likali kuyenda m'dera la Kasama. Pa 14 November, pa mtsinje wa Chambeshi, ndi pamene mkulu wa boma Hector Croad anakumana naye ndi uthenga, ndipo cipilala cilipo mpaka lero. Gululo linakatula zida ku Abercorn pa 25 November: Ajeremani 155 ndi asilikali a mu Africa oposa 1,100. Njira imene anaimirapo ndi yomwe itsikira ku Mpika, ku Serenje, mpaka kunjanji yathu ino.

Mnzanga wina, wogwira nchito ku njanji, amadandaula kuti masewera tawaononga. Kale tinali kutsiriza malaiti asanabwere. Manje timafika pakati pa usiku palibe amene walanda ngakhale Africa yekha. Sanama. Koma nkhondo yeniyeniyo inatenga zaka zinai, ndipo sinali yofulumira kwa amene anaisenza.

Pomaliza sitichula wopambana tisanakhuthule kapu ndi kuwerenga nyemba mokweza, imodzi imodzi. Sabata yatha ndinapambana ndine, ndi nyemba 61 m'kapu. Sindinakuwe ngati kale.

Mukadzadutsa pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, Big Tree, kumbukirani kuti m'masiku oyamba a Broken Hill apaulendo opita kumpoto anali kusonkhana pamthunzi pake. Ngati m'banja mwanu muli mbiri ya mtengatenga, funsani akuluakulu akali moyo: anacokera mudzi uti, anasenza ciani, anabwerako kodi? Ine a ambuya anga ndinawafunsa mocedwa, ndipo dzina la kumene atate awo anafika anapita nalo.