Mmene Zambia Analowera m'Cigwirizano ca Malonda

Aphunzitsi anzanga, mseu waukuru wa Great East umene upita pakati pa Chongwe usenza katundu wa maiko ambiri usana ndi usiku. Kuyenera kuti ana athu adziwe mbiri imene inatsegula njira ya katunduyo.

Dziko lathu liribe doko, pakuti silifika ku nyanja yamcere. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, mkuwa wathu wambiri unali kutuluka pa njanji ya kumwera, kupyola m'dziko la Rhodesia. Mu November 1965 boma la Ian Smith linapandukira Britain, ndipo posacedwa mafuta a galimoto anasowa m'Zambia. Mu January 1973 boma lomwelo linatseka malire. Pofuna kupulumuka, Zambia ndi Tanzania anaika mpope wa mafuta wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola mu 1968, natsiriza njanji ya TAZARA mu 1975 ndi thandizo la China. Masautso amenewa anaphunzitsa atsogoleri athu kuti dziko lokhala ndi khomo limodzi likhoza kutsekeredwa m'nyumba yace yomwe.

Cifukwa cace Lusaka anasanduka bwalo la maiko. Pa 1 April 1980 maiko asanu ndi anai anakhazikitsa bungwe la SADCC mumzindamo, kuti acepetse kudalira South Africa wa tsankho. Pa 21 December 1981, mu Lusaka momwemo, pa nthawi ya President Kaunda, anasaina pangano la PTA, lakuti maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa acepetserane msonkho wa pamalire. Mu December 1994, pa msonkhano wa ku Lilongwe, PTA inasanduka COMESA. Likulu lace liri mu Lusaka, ndipo mlembi wace wamkulu woyamba anali Bingu wa Mutharika wa ku Malawi. Pa 31 October 2000 Zambia ndi maiko ena asanu ndi atatu anacotserana msonkho pa katundu wopangidwa m'maiko ao.

Tisaganize kuti cigwirizano ciribe mtengo wace. Khomo lotulutsira cimanga, shuga ndi simenti yathu ndilo lomwe lilowetsa katundu wa anansi, amene nthawi zina atsika mtengo kuposa wathu. Tsono mlimi wa ku Chongwe apikisana ndi mlimi amene sanamuonepo. Komabe wamalonda wamng'ono anapindula mu 2010, pamene Zambia ndi Malawi anafewetsa malamulo a katundu wocepa pa malire a Mwami.

Pophunzitsa mutu uwu, pacikani mapu, ndipo ana awerenge okha maiko asanu ndi atatu otizinga. Kenaka afunseni kuti: “Khomo ili likatsekeka, mkuwa udzera kuti?” Mwana amene ayankha funso limeneli wamvetsa cifukwa cace Zambia sakhoza kucita malonda yekha.