Adventi: Nyengo Yomwe Inafika Kum'mawa Pamodzi ndi Mvula

Mitambo ikayamba kuda pamwamba pa mapiri a Katete kumapeto kwa Novembala, ansembe a Dayosizi ya Chipata amavala zofiirira, ndipo nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu imaleka kumveka pa Misa ya Lamulungu mpaka Khrisimasi. Adventi yayamba.

Mwambowu unabadwira kutali. Cha m'ma 480, Episkopi Perpetuus wa ku Tours ku France analamula akhristu kusala kudya masiku atatu pa sabata, kuyambira pa 11 Novembala, tsiku la Martin Woyera. Pambuyo pake mpingo wa ku Roma unafupikitsa nyengoyi kufika pa Malamulungu anayi. Nkhata ya makandulo ndi yaposachedwa: anaiyambitsa Johann Hinrich Wichern, mbusa wa ku Hamburg, mu 1839, pofuna kuthandiza ana osauka kuwerenga masiku.

Kuno Adventi inadza ndi ansembe a White Fathers, omwe anamanga mishoni ya Kachebere mu 1903 kenako n'kufalikira mpaka ku Chassa m'boma la Sinda ndi ku Vubwi. Kwawo ku Ulaya Adventi inali nyengo ya chisanu ndi mdima, anthu atabindikira m'nyumba. Kwa Mchewa ndi Mnsenga inagwa pa nthawi yomwe khasu silipuma: kubzala chimanga ndi nsawawa, kupalira, kusaka feteleza, nkhokwe zikuyamba kupepuka. Kuuza mlimi wotere kuti asale kudya sikukanamveka. Koma kudikira ankakudziwa kale, chifukwa amene wakonza mizere dothi lidakali louma safunika kumufotokozera za kukonzeka chinthu chisanaoneke.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1973, pamene maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana zolimbikitsa miphakati. Apa n'kuti Dayosizi ya Chipata ili m'manja mwa Episkopi Medardo Mazombwe, yemwe mu 2010 anadzakhala kadinala woyamba wobadwira ku Zambia. Kukonzeka kunachoka m'manja mwa wansembe yekha n'kulowa m'midzi, ndipo apa ndi pamene nyengoyi inakhaladi ya eni dera. Mabanja amakumana pakhonde pobwera kumunda, kumva za mneneri Yesaya ndi Yohane Mbatizi, kuyanjanitsa omwe anayambana pa malire a munda, ndi kuyendera odwala, ena mpaka kuchipatala cha St Francis ku Katete.

Ansembe nawo amazungulira nthambi zakutali kukamvetsera olapa, ngakhale misewu ya ku Vubwi imavuta mvula ikalimba. Akatekisiti amalengezeratu tsiku, ndipo anthu amasiya makasu m'mawa umenewo n'kukaima pamzere.