Njoka ya mu Nokia ndi mapanga a ku Chongoni

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ku Dedza kukaona agogo, ndipo Loweruka lake ndinatengana ndi mphwanga wa Fomu 2 kukwera ku Chentcherere. Kwa amene simunafikeko, awa ndi amodzi mwa malo 127 a zojambula za pamiyala m'dera la Chongoni, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalekale. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Ine ndili kalikiliki kufotokoza, mwana maso ali pa kafoni kake kong'aluka galasi, akumenya Dream League Soccer. Zinandinyansa ndithu. Koma potsika phiri ndinayamba kuona kuti mwina wolakwa si iyeyo.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Tetris anamupanga Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, pa kompyuta ya kuntchito yotchedwa Elektronika 60, imene munthu wamba sakanaigwira n'komwe. Gemuyi inafalikira zenizeni italowa mu Game Boy mu 1989. Kwathu kuno inafika mochedwa, kudzera m'timakina tapulasitiki ta mabatire tija tinkati Brick Game, tolembedwa 9999 in 1 pamene magemu ake enieni sankakwana ndi makumi awiri omwe. Njoka nayo chimodzimodzi. Kholo lake ndi Blockade, gemu ya mu 1976 ya m'makina akuluakulu oponyamo ndalama. Mu 1997 Taneli Armanto anaiika mu Nokia 6110, kenaka Snake II inabwera mu 3310 mu 2000. Nthawi imeneyo n'kuti TNM itayamba kale, Celtel itangofika mu 1999, ndipo sipanapite zaka zambiri kuti foni ya amalume isanduke chidole cha mudzi wonse. Ambirife gemu yathu yoyamba inali imeneyo, tikubisala kuseri kwa nkhokwe kuopa kukalipiridwa zomaliza batire.

PlayStation ndiye sinakhalepo ya m'nyumba kwa ife. Inali ya m'kachisakasa pa tiledingi senta, pafupi ndi vidiyo sho, jenereta ikulira kunja, kulipira gemu iliyonse. Mumasewera FIFA kapena Mortal Kombat basi, chifukwa gemu ya nkhani yaitali ndani angailipire maola makumi atatu? Ndipo tinene zoona, atsikana samalowamo muja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse m'Malawi imene imaunikira magetsi, kumudzi ndiye n'zochepa kwambiri. Foni imatchajidwa ndi kasola ka padenga. PS5 ayi.

Ndiye funso langa ndi loti: ngati foni ndiyo makina okhawo amene mwana wa ku Linthipe angasewerepo, n'chifukwa chiyani magemu amene ali ndi mbiri yathu ya Africa amatsalira pa makina amene iye sadzawaona?

Taonani Age of Empires II. Inatuluka mu 1999, ndipo mu 2015 anaonjezeramo gawo la The African Kingdoms. Mmenemo umatsogolera Sundjata pomanga ufumu wa Mali, umamenya nkhondo za ku Ethiopia. Ine za Sundjata ndinazimvetsa pa laputopu ya mnzanga ku koleji, usiku, kuposa mmene ndinazimvera m'kalasi. Inde, mu 2024 kunatuluka Age of Empires Mobile, koma ndi gemu ina yongobwereka dzina, yoti uzidikira kapena uzilipira. Kwa ine imeneyo siiwerengedwa. Assassin's Creed Origins nayo mu 2018 anaiikira Discovery Tour, momwe mulibe kumenyana, umangoyenda mu Egypt wakale, kulowa m'mapiramidi, kuona mmene ankaumitsira mitembo. Chinthu chopangidwira ophunzira, koma chofuna kompyuta yamphamvu imene sukulu ya CDSS ilibe. Tales of Kenzera: Zau ya Abubakar Salim, ya mu 2024, yachokera pa nthano za anthu a zilankhulo za Chibantu, ndipo mutha kuisewera akulankhula Chiswahili. Ndi nkhani ya mnyamata wolira bambo ake. Mphwanga amene anaika maliro a bambo athu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi angaimve kuposa aliyense. Sangaipeze pa foni.

Ena amati foni singakwanitse. Zimenezo zinatha kale. Grand Theft Auto: San Andreas inalowa m'foni mu 2013. Rome: Total War, ya asilikali mazanamazana pa bwalo limodzi, inafika pa Android mu 2018. Vuto lenileni ndi lina: akamapanga za pafoni amaganiza za munthu wa iPhone ndi WiFi ya m'nyumba. Gemu yofuna netiweki nthawi zonse, kapena yodya bandulo ya mwezi wathunthu poitsitsa, kwathu ili ngati palibe. Yoyenera kuno ndi yotsitsa kamodzi, yoyenda pa Tecno kapena itel, yosewereka ngakhale uli mkati mwa nkhalango momwe netiweki imachita kusakidwa pamwamba pa chulu.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi Never Alone. Inatuluka mu 2014, ndipo eni ake ndi bungwe la eni nthaka a ku Alaska la Cook Inlet Tribal Council, mogwirizana ndi anthu a mtundu wa Iñupiat. Akuluakulu awo anakhala pansi ndi opanga magemu, n'kusankha nthano imodzi yoti ifotokozedwe m'chilankhulo chawo: kamtsikana Nuna ndi nkhandwe yoyera akusaka gwero la chimphepo cha chisanu. Ukamapita patsogolo pamatseguka timavidiyo ta nkhalamba zikufotokoza miyambo. Mu 2016 anaitulutsa pa foni.

Ndinamuonetsa mphwanga gemuyi madzulo omwewo. Anasewera mpaka chaji kutha, kenaka n'kundifunsa ngati ya Akafula iliko. Ndinati ayi. Agogo, amene ankamvetsera ali pamphasa, anafunsa kuti zinthu zimenezi amapanga ndani, ndipo ngati angadzabwere ku Mphunzi kapena ku Namzeze adzayambe waonana ndi mafumu, chifukwa zoyera zija si zonse zokambidwa pagulu, zina n'za kudambwe ndi kutsimba. Mphwanga anati iye akungofuna ya alenje, yothamangitsa nyama m'phiri ndi uta. Agogo anati imeneyo ilibe mlandu, koma atenge kaye foniyo akaitchajitse kwa aneba kusanade.