Mbili ya cortisone, na cifukwa cake si mankhwala oseŵela nawo

Mu September 1948, pa cipatala ca Mayo Clinic ku Rochester, mu America, munali mai wina amene nyamakazi inamugoneka pa bedi. Dokotala Philip Hench anayamba kumulasa nyeleti za mankhwala atsopano amene mnzake Edward Kendall anawafufuza kwa zaka zambili. Patangopita masiku ocepa, mai uja anauka n'kuyamba kuyenda. Mankhwala aja ni amene manje timawacha cortisone. Mu 1950, Hench, Kendall na Tadeus Reichstein wa ku Switzerland analandila mphoto ya Nobel.

Koma cimwemwe sicinakhalitse. Odwala amene anawagwilitsila nchito nthawi yaitali anayamba kufufuma nkhope. BP na shuga zinakwela, mafupa anafooka, ena mutu unasokonezeka. Mu 1952 madokotala analemba za mwamuna wina amene anamwalila atangocitidwa opaleshoni, patapita masiku ocepa cilekele cortisone.

Cinacitika n'ciani? Pamwamba pa impso iliyonse pali kaciwalo kochedwa adrenal, kamene kamapanga cortisol, imene imathandiza thupi kupilila matenda na kuvulala. Mankhwala ofanana nayo akamaloŵa tsiku na tsiku, kaciwalo kaja kamagona. Munthu akaleka mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda cortisol. Ndiye cifukwa cake amene wamwa prednisolone kwa milungu ingapo amamucepetsela pang'onopang'ono, ndipo afunika kuuza dokotala asanacitidwe opaleshoni.

Caka comweco ca 1952, madokotala anaonetsa kuti hydrocortisone yodzola imathandiza pa matenda a khungu. Pambuyo pake kunabwela zamphamvu kwambili, monga betamethasone na clobetasol. Apa m'pamene mbili iyi ifikila pa khomo pathu. Mankhwala amenewa amapezeka m'mafuta ena oyeletsa khungu amene timaona m'misika. Poyamba khungu limaŵala ndithu. Pakapita miyezi limapyapyala, limacita mizela, ziphuphu zimaculuka, cilonda cimacedwa kupola. Kudzola pa zipele nakonso n'kolakwika: kuyabwa kumaleka, koma zipele zimafalikila.

Palinso cina cimene ise kuno sitifunika kuiŵala. Mankhwala awa amatsitsa citetezo ca thupi, cakuti TB imene inali cete ingauke. Amene ali na TB, HIV, shuga, BP, zilonda za m'mimba, kapena ali na pakati, auze dokotala asanayambe. Kuwamwa pamodzi na ibuprofen kapena diclofenac kumawonjezela ngozi yotuluka magazi m'mimba. Amene amapopela mankhwala a asima okhala na steroid, azicukuca m'kamwa akatsiliza.

Sitikamba kuti ni mankhwala oipa. Mu June 2020, ofufuza a ku Oxford anapeza kuti dexamethasone inacepetsa imfa na gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala COVID-19 amene anali pa makina opumila. Koma kwa amene sanali kufunikila oxygen, sinathandize. Mankhwala amodzimodzi, odwala osiyana.

Conco mnzathu akatipatsa mapilisi ake otsala, kapena kabotolo kopanda dzina, tiyeni tiyambe tafunsa ku kiliniki kapena ku famase yovomelezedwa na ZAMRA. Ndipo ngati tamwa kale kwa nthawi yaitali, tisaleke lelo lomwe cifukwa ca nkhani ino. Tipite tikaonane na dokotala.