Mlingo

Mawu akuti mlingo amachokera ku mneni woti kulinga. Pa msika wa Lizulu kapena ku Tsangano, wogulitsa kachewere amalinga ndi ndowa kapena mbale, ndipo chotengeracho ndiye mlingo wake. Kuchipatala mawuwa amatanthauza kuchuluka kwa mankhwala oyenera wodwala: angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati.

Tanthauzo lachiwirili limakhudzanso ziweto. Kwathu kuno ku Ntcheu tinazolowera agalu akuluakulu olondera pakhomo ndi osaka nawo nyama. Koma masiku ano makomo ena akuweta tiagalu ting'onoting'ono monga ta mtundu wa Jack Russell, tolemera makilogalamu 6 mpaka 8 basi. Mlingo wa mankhwala a njoka zam'mimba kapena a nkhupakupa umatsata kulemera kwa galu. Piritsi lokwanira galu wa makilogalamu 20 likhoza kukhala poizoni kwa kagalu kotere. N'chifukwa chake mlangizi wa ziweto amayamba waika galu pa sikelo asanapereke mankhwala.

Katemera wa chiwewe ndiye wosiyana: mlingo wake ndi umodzi kwa galu wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Mlingo wa munthu si wa galu ayi. Mankhwala ngati Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ngakhale mutabenthula piritsi pakati. Ku msika mlingo ukasefukira timati basera, ndipo timathokoza. Pa mankhwala palibe basera. Musalinge ndi maso. Funsani a za ziweto.