COULON NDI DAMBO LA POITOU: MBIRI YA ANTHU NDI MADZI

Nkhani ya lero ikuchokera kumadzulo kwa dziko la France, kumene kuli katauni kotchedwa Coulon. Katauni kameneka kali m'mbali mwa mtsinje wa Sèvre Niortaise, mtunda wa makilomita pafupifupi 11 kuchokera ku mzinda wa Niort. Chaka ndi chaka, nyengo yotentha ikafika, alendo miyandamiyanda amakhamukira kumeneko kukakwera mabwato, kupalasa njinga ndi kuona mbalame. Ambiri mwa iwo amayesa kuti malowo analengedwa momwemo, chonsecho pafupifupi ngalande iliyonse imene amadutsamo inakumbidwa ndi manja a anthu.

Coulon ndi khomo loloŵera m'dambo lalikulu lotchedwa Marais Poitevin, lomwe kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 100,000. Kale lomwe, mbali yaikulu ya dera limeneli inali nyanja ya mchere, yokhala ndi tizilumba apa ndi apo. Pang'ono ndi pang'ono matope ochokera m'nyanja ndi m'mitsinje anadzaza malowo, kufikira panatsala chithaphwi chachikulu cha bango ndi udzudzu, chosalimika ndi chosayendeka.

Oyamba kulimbana ndi chithaphwichi anali amonke a mpingo wa Katolika, amene anamanga nyumba zawo pa zilumba zakale zija, monga ku Maillezais ndi ku Saint-Michel-en-l'Herm. M'chaka cha 1217, akuluakulu a nyumba zisanu za amonke anagwirizana zokumba ngalande yaikulu yotsitsira madzi kunyanja. Ngalandeyo ilipobe, ndipo imatchedwa Canal des Cinq Abbés, pokumbukira akuluakulu asanu aja. Anamanganso zipupa za dothi zotchinga madzi, ndipo pamene panali matope panasanduka minda ndi mabusa.

Koma ngalande ndi chipupa zimafuna mtendere, pakuti zikangosiyidwa zimakwiririka ndi kugumuka. Nkhondo ya pakati pa France ndi England, imene inayamba m'chaka cha 1337 nitha mu 1453, inaononga zambiri. Pambuyo pake kunabukanso nkhondo za chipembedzo kuyambira mu 1562 mpaka 1598, ndipo madzi anabwereranso m'minda. Mabwinja a tchalitchi chachikulu cha ku Maillezais, amene alendo amakaona masiku ano, ndi mboni ya masiku oŵaŵa amenewo.

Mtendere utabwerera, Mfumu Henri IV inafuna kuti madambo a m'dziko lake azibala chakudya. M'chaka cha 1599 inapereka udindo woyang'anira ntchitoyi kwa Humphrey Bradley, katswiri wochokera ku Netherlands, dziko limene anthu ake ndi akadaulo pa nkhani yotchinga madzi. Ku Poitou ntchito inafika pachimake m'zaka za m'ma 1640, pamene anthu achuma anasonkha ndalama zokumbira ngalande zatsopano. Imodzi mwa izo mpaka lero imatchedwa Ceinture des Hollandais, kutanthauza lamba wa Adatchi.

Apa ndi pamene dambo linagaŵika paŵiri. Chigaŵo cha kufupi ndi nyanja anachizinga ndi zipupa, naika zitseko zimene zimatseguka nyanja ikaphwera kuti madzi a m'minda atuluke, nizitsekeka zokha nyanja ikadzaza. Chimenechi chinatchedwa dambo louma, ndipo eni ake analemera ndi tirigu ndi ziŵeto. Koma madzi osefukira a m'mitsinje anayenera kupeza poima, ndipo anaima kumtunda, kunja kwa zipupa, kudera la Coulon. Kumeneko kunatchedwa dambo lonyowa. Kunkakhala anthu osauka, odalira usodzi wa mikunga, ulenje wa mbalame ndi kudula mitengo. Motero kuuma kwa minda ya ena kunali kumira kwa minda ya anzawo, ndipo mkangano wa madzi unayambira pomwepo.

Dambo lonyowa linakonzedwa mochedwa. M'chaka cha 1808, Napoléon analamula kuti mtsinje wa Sèvre Niortaise ukonzedwe kuti mabwato a malonda aziyenda bwino. Mu 1833, pa ulamuliro wa Mfumu Louis-Philippe, eni malo anaikidwa m'mabungwe osamalira madzi. Anthu anakumba tingalande tosaŵerengeka, ndipo m'mbali mwake anabzala mitengo yotchedwa frêne kuti mizu yake igwire dothi. Nthambi zake ankazisadza pakapita zaka zingapo kuti apeze nkhuni. Bwato linali zonse: linkanyamula mkaka, udzu, nyemba, ngakhale ng'ombe popita kubusa.

Misewu ndi magalimoto zitafika, ntchito ya bwato inasintha. Mabwato aphanthiphanthi aja anayamba kunyamula alendo, ndipo dera linatchuka ndi dzina lakuti Venise Verte, poliyerekeza ndi mzinda wa Venice ku Italy, komanso chifukwa cha kubiriŵira kwa mitengo ndi timasamba toyandama pamadzi. Woyendetsa bwato amaima kumbuyo, nakankha ndi mtengo wautali wotchedwa pigouille, kapena kupalasa ndi nkhafi. Pofika pena amavundula matope pansi, nayatsa machesi, moto nkuyaka pamwamba pa madzi. Si matsenga ayi, koma mpweya wotuluka m'masamba oola pansi pa ngalande. Pa doko la Coulon pali nyumba yakale imene ankakhometserapo msonkho wa katundu wodutsa pamtsinje. Lero imatchedwa Maison du Marais Poitevin, ndipo imasunga mbiri ya dambo. Apanjinga ali ndi njira zawo m'mbali mwa ngalande, ndipo wamwayi amaona katumbu kapena akakoŵa akusaka nsomba.

M'chaka cha 1979, dambo linapatsidwa ulemu wokhala malo achilengedwe otetezedwa. Koma m'zaka zomwezo mabusa ambiri onyowa anaumitsidwa nalimidwa, ndipo ulimi wa chimanga chothirira unayamba kupopa madzi ochuluka pansi pa nthaka. Nyengo yotentha ngalande zinkaphwera, mbalame nkusoŵa poswera. Kumapeto kwa chaka cha 1996 dambo linalandidwa ulemu uja, ndipo mu 1999 bwalo la milandu la maiko a ku Ulaya linapeza dziko la France lolakwa chifukwa chosateteza mokwanira malo a mbalame m'dambomo. Panapita zaka zambiri za zokambirana ndi kukonza zinthu ulemuwo usanabwezedwe m'chaka cha 2014.

Nayonso nyanja sinaiŵale malo ake akale. Usiku wa pa 27 kuchezera pa 28 February 2010, namondwe wotchedwa Xynthia anakankhira madzi kudumpha zipupa, ndipo m'tauni ya La Faute-sur-Mer mokha munafa anthu 29, ambiri a iwo m'nyumba zomangidwa pamalo otsika. Mkangano wa madzi nawo sunathe. M'mwezi wa March 2023, ku Sainte-Soline, m'chigaŵo chomwecho cha Deux-Sèvres mmene muli Coulon, apolisi analimbana ndi khamu la anthu otsutsa kukumba maiŵe aakulu osungira madzi othirira, ndipo ambiri anavulala.

Omvera, mlendo wokhala phee m'bwato ku Coulon akuyenda pa thukuta la mibadwo ya zaka 800. Akale anati madzi saiŵala khwaŵa. Amonke, mafumu ndi alimi a ku Poitou anawatsogolera madziwo kumene ankafuna, koma nthaŵi iliyonse imene ngalande zinasiyidwa, kapena wina anatenga madzi mosaganizira mnzake, dera lonse linalipira. Funso limene linavuta eni zipupa m'zaka za m'ma 1640 likadalipo: madzi akachuluka aime m'munda mwa yani, ndipo akachepa ayambe kumwa ndani?