Kuthamanga Sikufika: Mbiri ya Mankhwala Otsitsa Magazi Pangozi

Pa 12 April 1945, mtsogoleri wa dziko la America, a Franklin Roosevelt, anadandaula kuti mutu ukuŵapweteka koopsa, ndipo posakhalitsa anakomoka. Izi zinachitikira ku Warm Springs, m'chigawo cha Georgia. Dokotala wao, a Howard Bruenn, ataŵapima anapeza kuti magazi athamanga kupitirira 300/190, pamene munthu wabwinobwino amakhala cha pa 120/80. Mtsempha unali utaphulika muubongo, ndipo anamwalira tsiku lomwelo.

Ngakhale anali mtsogoleri wa dziko lolemera, nthaŵi imeneyo kunalibe mankhwala odalirika otsitsira magazi. M'chaka cha 1939 madokotala a ku Mayo Clinic anali ataonetsa kale kuti ambiri mwa odwala omwe matendaŵa anaŵafika poononga maso ndi impso ankamwalira chaka chisanathe.

Chodabwitsa nchakuti mankhwala amphamvu analipo kale, koma anali asanayambe kugwiritsidwa ntchito mofala m'zipatala. Katswiri wina, Lyon Playfair, anapanga sodium nitroprusside m'chaka cha 1849. Panapita zaka zoposa 100 kufikira 1955, pamene dokotala Irvine Page ndi anzake ku Cleveland anaonetsa kuti mankhwalaŵa, akamaloŵa m'mtsempha pang'onopang'ono kudzera m'dripi, amatsitsa magazi mphindi imodzi isanathe. Boma la America linaŵavomereza mu 1974.

Ntchito ya mankhwalaŵa ndiyo kufeŵetsa mitsempha kuti itambasuke, monga momwe madzi amachepera ukali mtsinje ukafika padambo. Dripi ikatsekedwa, mphamvu yake imatha m'mphindi zoŵerengeka, kotero dokotala angathe kuonjezera kapena kuchepetsa monga afunira. Komabe ali ndi zovuta zake: amaonongeka ndi kuŵala, nchifukwa chake botolo lake limakutidwa, ndiponso akachuluka m'thupi amatulutsa poizoni wa cyanide.

Mankhwala ena ndi odekha pang'ono. Labetalol amayamba kugwira ntchito pakati pa mphindi 5 ndi 10. Hydralazine, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1950, amatenga mphindi 10 mpaka 20, koma mphamvu yake imakhala maola angapo. Ameneyu ndiye amathandiza amayi oyembekezera m'zipatala zambiri za mu Africa muno magazi akakwera koopsa.

Madokotala atapeza liŵiro limeneli, ambiri anaganiza kuti nkhondo yatha. M'zaka za m'ma 1970 ankabaya diazoxide wokwana mamiligalamu 300 kamodzinkamodzi, ndipo magazi ankatsika m'mphindi 5 zokha. Koma odwala ena anafa ziŵalo, ena mtima unaonongeka, ena anachita khungu. Chifukwa chake chinadziŵika: munthu amene wakhala ndi matendaŵa zaka zambiri, mitsempha ya muubongo mwake imazoloŵera mphamvu yaikuluyo. Mphamvuyo ikagwa mwadzidzidzi, magazi ofika kuubongo, kumaso ndi kuimpso amapereŵera.

Phunziro loŵaŵali ndilo linabala lamulo limene madokotala amatsata lero. Mu ola loyamba magazi sayenera kutsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi. M'maola 2 mpaka 6 otsatira amaŵafikitsa cha pa 160/100, kenaka amaŵatsitsa mwachifatse kwa tsiku limodzi kapena aŵiri. Changu chenicheni chimafunika pa zovuta zochepa zokha, monga pamene mtsempha waukulu wochoka kumtima wang'ambika. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Omvera akumbukire kuti mankhwala onseŵa ndi a m'chipatala mokha, pomwe wodwala amapimidwa pafupipafupi. Munthu wa matenda a kuthamanga kwa magazi akamva mutu woopsa, chifuwa kupweteka, kubanika, maso kuchita chidima, lilime kulemera kapena mkono kufooka, asameze mapiritsi ochuluka kunyumba pofuna kudzitsitsira yekha. Abale ake amutengere kuchipatala nthaŵi yomweyo, pakuti thandizo limene a Roosevelt anasoŵa mu 1945 lilipo tsopano.